Dzino la M'kachitini ka Apongozi

Ena amakumana ndi amuna awo kutchalitchi, ena m'basi, ena paukwati wa mnzawo. Ine wanga ndinakumana naye nditakhala pansi m'khitchini, ndikulirira firiji yakufa. Musaseke ayi. M'firiji imeneyo munali mankhwala amene amandiyendetsa.

Ndinabadwa ndi matenda a mafupa amene dzina lake ngakhale anamwino ena amachita kuligawa pawiri kuti alitchule. Adokotala anandifotokozera mosavuta. Anati m'thupi la munthu muli kanthu kotchedwa enzaimu, kamene kamathandiza mafupa ndi mano kukhwima, ndipo ine ndili nako kochepa kwambiri. Ndiye mafupa anga ali ngati simenti imene sinagwire bwino. Mano anga oyamba anagwa ndisanayambe n'komwe sukulu yamkaka. Ankagwa athunthu, ndi muzu womwe, osawola, osapweteka. Kusukulu anzanga ananditcha Dzira poti ndinkasweka msanga, ndipo dzinalo linandimamatira mpaka lero. Ngakhale akulu anga, amene ndimakhala nawo, amandiitana choncho.

Ndinakula ndikuyendera ndodo, pulasitala akuchoka mwendo uwu n'kupita winawu. Kenako kuchipatala kunabwera kafukufuku wa jakisoni wobwezera m'thupi enzaimu imene ndikusowayo, ndipo ndinachita mwayi, anandilemba. Ndimadzibaya ndekha katatu pa sabata, pamimba, pantchafu, pamkono, kusinthasintha malo chifukwa ukabaya pamodzimodzi pamatupa. Pang'onopang'ono ndodo zinapita kuseri kwa chitseko. Koma mankhwalawo ndi onyada, safuna kutentha, safunanso kuuma ndi ayezi. Ndipo kafukufuku uja anatsekedwa kalekale. Ife amene tinalowa tikulandirabe, koma watsopano salembedwanso, ngakhale atagwada.

Pali lamulo lina. Mwezi uliwonse ndikapita kukatenga mankhwala, anamwino sandipatsa bokosi langa ndisanawapatse kabotolo ka mkodzo. Woyembekezera amaimitsidwa, chifukwa palibe akudziwa bwinobwino zimene jakisoniyo angachite kwa mwana wa m'mimba, ndipo ukaimitsidwa palibe amene amalonjeza kuti udzabwereranso. Anamwino athu ndi mayi wanthabwala. Mwezi ndi mwezi amanena zomwezomwezo, kuti tione kaye ngati m'dzira lathu simunalowe kamwanapiye. Amaseka okha, n'kukatenga bokosi lija m'firiji yaikulu, n'kuliika m'kachikwama kanga kozizira.

Tsiku limene firiji yathu inafa, akulu anga anaitana wokonza mafiriji. Anabwera mnyamata wamtali, wa mano amipatamipata. Atandiona ndikulira anafunsa kuti akudwala ndani. Ndinati ine. Anati sindikuoneka ngati wodwala. Ndinamuuza kuti ndiyamba kuoneka posachedwa akapitiriza kucheza m'malo mogwira ntchito. Sanakwiye. Anakulunga mankhwala anga bwinobwino, n'kuthamanga nawo kukawasunga m'firiji ya kumalo ake ogwirira ntchito, kenako n'kubwerera kudzakonza yathu.

*

Chaka chinatha, firiji itachira kalekale, koma mmisiri ankabwerabe kudzaimvetsera. Akulu anga ankati chibadwire sanaonepo firiji yodwaladwala ngati yathu. Ine ndinkamutcha Wamafiriji. Iye yekha ndiye anakana kunditcha Dzira. Ankati Bwana, poti tsiku loyamba lija ndinamulamula ngati wantchito wanga.

Ndinamukonda, sindibisa. Ndinamukonda mpaka kumachita manyazi ndekha. Anaphunzira kundigwira dzanja pamasitepe mosaonetsa kuti akundithandiza. Masiku a jakisoni uthenga wake unkafika ndisanatsegule n'komwe firiji, wakuti lero ndi ntchafu yakumanzere, Bwana, musabere. Munthu amene ankaiwala kumene wasiya makiyi ake ankakumbukira malo amene ndinabaya dzana.

Koma anali ndi njala imodzi, njala ya ana. Anakula yekha ndi amayi ake, bambo atamwalira, m'nyumba yoti zii. Akaona mwana wa eni pamsewu ankayamba kumupangira nkhope zoseketsa mpaka make kumuyang'ana mokayikira. Ankati nyumba yathu idzakhale yaphokoso, yoti aneba azidandaula.

Ine sindinamunamize. Ndinamuuza kuti matendawa ndi akumtundu. Ndinamuuzanso zimene adokotala anandiuza, kuti ngati mwamuna alibe mbewu ya matendawa, mwana akhoza kubadwa wabwinobwino kapena kutenga pang'ono chabe. Choopsa ndi pamene makolo onse awiri ali nayo. Pamenepo mwana akhoza kubadwa wofewa chifuwa chonse, wosatha kupuma. Koma matendawa ndi osowa kwambiri, moti anthu awiri otere kukumana n'kukondana sizichitikachitika. Wamafiriji anaseka, n'kupinda mkono kuti ndione nyama zake. Anati iye amanyamula firiji yekha pamsana, mafupa ake ndi achitsulo. Za kusiya jakisoni ndikadzakhala ndi pakati anati tidzaona ikadzafika nthawi, mwina adzakhala atasintha malamulo.

Kenako anati yakwana nthawi yoti ndikaonane ndi amayi ake. Akulu anga atamva anangoti, Dzira, mwamuna amakwatira nkhope koma amayi ake amakwatira thupi lonse, udzisamale. Ndinawauza kuti akuchita nsanje. Ndinali wopusa ndi chimwemwe.

*

Ndinapita Loweruka, tsiku la jakisoni, choncho ndinanyamula kachikwama kanga kozizira. Titalowa pabalaza tinapeza amayi ake atakhala pampando, mtsikana wina ataima kumbuyo kwawo akuwaluka tsitsi. Anali mwana wa aneba, ali ndi saluni pakona pa msewu wawo. Wamafiriji anali atandiuzapo za iye, kuti anakulira limodzi, ndi ngati mlongo wake. Nditangoona mmene mtsikanayo anamuyang'anira polowa, ndinadziwa kuti ulongo umenewo akuudziwa ndi mwamuna yekha.

Ndinapereka moni mwaulemu wonse. Kugwada sindigwada bwino, mawondo anga salola, ndiye ndinangowerama. Amayi anaona. Wasaluni anaonanso, n'kumwetulira. Wamafiriji anatenga kachikwama kanga mwakachetechete n'kukaika mankhwala m'firiji.

Tinamwa tiyi. Amayi anafunsa za kwathu, za akulu anga, za tchalitchi. Zinkayenda ndithu, mpaka Wasaluni anati akatenge mkaka wina. M'nyumba ya eni, koma ankayendamo ngati anabadwira momwemo. Anabwerera atanyamula bokosi langa m'manja, masirinji ali pamwamba, n'kufunsa ndi mawu okoma ngati uchi kuti kodi amayi ayamba liti kudzibaya, bwanji sanamuuze.

Ndinayankha kuti ndi zanga, ndipo abwezeretse msanga zisanatenthe. Kenako ndinafotokoza zonse, poti ndinalibe chobisa. Amayi anamvetsera osaphethira. Anafunsa ngati ndidzachire. Ndinati ayi, ndidzabaya moyo wanga wonse. Anafunsa ngati ana amatengera. Ndinati zimatheka. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Mwana wanga ndi mmodzi yekhayu," anatero. "Ndilibe wina woyesera."

Wasaluni anabwerera kumbuyo kwawo n'kupitiriza kuluka, akuimba chapansipansi. Ndinadzibayira kubafa, nditakhala pamphepete pa bafalo, mpaka ndinabaya pamalo otupa kale.

*

Uthenga unafika mawa lake, pa nambala yachilendo. Unati, chemwali, musadzivutitse, amayi akufuna mpongozi, osati wodwala woti azimusamalira. Pansi pake panali chithunzi cha Wamafiriji atakhala m'saluni, akumetedwa, akuseka mano onse pamtunda.

Ndinamuonetsa. Iye anati amametetsa kumeneko kuyambira kale, chithunzicho n'chakale, ndisamale za mwana wopusa. Ndinamufunsa chifukwa chimene anakhalira chete amayi ake akundiyeza ngati mbuzi yapamsika. Anati amayi ake sayankhidwa pamaso pa alendo, akufuna nthawi. Mawu akuti alendo ndi amene anandipsetsa mtima. Ndinati ngati ine ndili mlendo, apite kwa eni nyumba amene amadziwa pokhala mkaka. Ndinamuthamangitsa. Mauthenga ake ankabwerabe, lero ndi mkono wakumanja, Bwana, ine osayankha. Ndinkawerenga, n'kubaya pamene wanenapo, n'kulira.

Amene anabwera si iye. Masana ena ndikukonzekera jakisoni patebulo, kunamveka kugogoda, akulu anga n'kutsegula. Anali amayi ake, okha, atavala zakutchalitchi, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Ndinafuna kubisa sirinji koma anati ndipitirize, akufuna aone. Anayang'ana ndikutsina khungu la pamimba, ndikubaya, ndikukanikiza ndi thonje. Anaona zipsera zonse. Anafunsa ngati zimapweteka, ndinati zimawotcha pang'ono. Anafunsa kuti ndisanayambe mankhwalawa ndinkayenda bwanji. Akulu anga anangosuntha chitseko kuti ndodo zija zioneke.

Amayi anaziyang'ana ndodozo. Kenako ananena okha kuti anabwera kudzandiuza kuti ndimusiye mwana wawo, ndipo mawuwo anawakonza m'njira monse.

"Koma ine ndinakhalapo pabenchi ya chipatala," anatero, "ndikupempha Mulungu kuti papezeke mankhwala, alionse. Sanapezeke. Inu anu anapezeka, ndiye ine ndine ndani kuti ndikunyozeni nawo?"

Sindinamvetse kuti akunena za ndani, ndipo sindinafunse. Potuluka anandigwira paphewa, mopepuka, ngati munthu amene wauzidwa kale kuti asamafinye. Anati ndidzapite Loweruka linalo ndi kachikwama kanga, andikonzera shelefu yangayanga m'firiji.

Madzulo amenewo ndinamuyankha Wamafiriji. Anafika thukuta lili kamukamu, ngati wathamanga njira yonse. Masiku otsatirawo ndi amene ndinasangalala kwambiri pa moyo wanga. Tinayamba kukamba za tsiku la ukwati, za nyumba, za makatani. Tinayamba kudziona ngati okwatirana kale, ndipo kusamala kumene tinkasamala kunayamba kuchepa.

*

Shelefu inalipodi, yopukutidwa, yapakati, kutali ndi ayezi, monga mwana wawo anawalangizira. Wasaluni kunalibe. Amayi anati anamuuza kuti tsitsi lawo lipume kaye. Tsiku limenelo anandiitana kuti mwana wanga. Atamutuma Wamafiriji kukagula buledi, anandilowetsa kuchipinda kwawo, n'kundikhazika pabedi. Anati pali zinthu zimene sanaonetsepo munthu, ngakhale mtsikana wa pasaluni uja, koma mkazi wa mwana wawo ayenera kuziona.

Anatulutsa kachitini kakale ka maswiti pansi pa zovala. Munali kachingwe ka pamkono ka kuchipatala, katsitsi komanga ndi ulusi, ndi chithunzi cha kamnyamata kovala kabudula wamkulu, kakuseka ndi nkhama zokhazokha. Ndinaseka nawo. Amayi anati ameneyo ndi mwamuna wanu, asanakwane zaka zitatu, mano akutsogolo onse atapita. Anati anzawo ankawanena kuti amamudyetsa shuga wambiri. Kenako anamasula kansalu koyera n'kundikhuthulira m'dzanja timano tinayi.

Abale, ine mano a ana ndimawadziwa. Dzino la mwana wabwinobwino limagwa lili kachibenthu, muzu utasungunuka kale. Timene tinali m'dzanja langa tinali tatitali, toyera, tosawola, tili ndi mizu yake yonse yosongoka. Ndinali nditaonapo mano otere kamodzi kokha. Anali anga.

Amayi ankalankhulabe, akusangalala. Anati manowo ankangogwa okha, mwana akudya nthochi, osalira n'komwe, ndipo anawasunga chifukwa anali okongola ngati timinyanga. Kenako anatenga kachingwe ka kuchipatala kaja, mawu awo n'kutsika. Anati aka si ka mnyamatayu. Anali ndi mlongo wake, wobadwa pambuyo pake. Anabadwa wofewa, mutu wofewa, nthiti zikulowa mkati akamapuma. Madokotala a nthawi imeneyo sanadziwe chimene chinali. Sanathe sabata. Mwana wawo anangouzidwa kuti khanda linabwerera, zambiri sadziwa.

"Ndi chifukwa chake ndinachita mantha ndi inu," anatero. "Ndinati ndisadzaonenso zimene zija. Koma zanga zinali tsoka chabe, sizikukhudzana ndi inu. Mundikhululukire."

Anandipinda zala kuti ndifumbate timano tija. Anati nditenge limodzi, ndidzaonetse adzukulu awo kuti bambo awo anali opanda mano. Ndinathokoza. Ndinamva Wamafiriji akulowa, akuimba mluzu, akufunsa kuti akazi ake awiri abisala kuti. Mtima wanga unali utafa kale pabedi pomwepo, koma ndinatuluka n'kukadya buledi.

*

Ndinasunga dzinolo masiku angapo osauza munthu. Ndinkadziuza kuti mwina ndikuona zinthu, kuti munthu wodwala amaona matenda ake paliponse. Kenako ndinapita nalo kwa adokotala. Analiika pa pepala loyera, n'kulitembenuza ndi cholembera. Nditawauza za khanda lija anavula magalasi. Anati sangaweruze munthu asanamuone, ndibwere naye ayezedwe magazi.

Kumuuza kunali kovuta kuposa jakisoni aliyense. Poyamba anaseka, n'kupindanso mkono uja. Nditamuonetsa dzino anakwiya, anati ndikufuna chifukwa chomusiyira, ndipo ndalowetsa mlongo wake wakufa m'nkhani zanga. Anachoka osatsanzika. Mawa lake m'mawa ndinamupeza ataima pageti pathu, atavala malaya oyera, maso ali psuu. Anati tiyeni, Bwana.

Zotsatira sizinachedwe. Enzaimu yake inali yotsika. Osati ngati yanga, koma yotsika ndithu. Adokotala anati ena amakhala nazo moyo wonse osadziwa, zimangoonekera m'mano ali ana, mwina ndi phazi lochedwa kupola likathyoka. Wamafiriji anayang'ana phazi lake lakumanja, limene linamuvutitsa miyezi yambiri atagwa pa lori. Adokotala anati atumiza magazi ena kukayezetsa mozama, koma tisadzinamize, zonse zikuloza kumodzi. Mwana wathu akhoza kubadwa bwino, akhozanso kutenga mbali zonse ziwiri, ndipo kuthekera kwake si kochepa.

Wamafiriji anafunsa funso limene ine ndinkaopa. Anati koma jakisoni alipo tsopano, si choncho, mwana akabadwa wofewa angomubaya ngati mayi ake. Adokotala anavomera kuti mankhwalawa apulumutsa makanda ambiri otere kumene amapezeka. Kenako anayang'ana patebulo n'kunena kuti kuno amabwera a anthu amene analembedwa kale basi, dzina ndi dzina, ndipo iwo akhala akupempha kuti awonjezere koma sanayankhidwe.

Tinakhala pabenchi panja. Anandigwira dzanja n'kunena kuti basi, sitidzabereka, tidzalera a eni, nkhani yatha. Ananena molimba mtima, ndipo ndikudziwa kuti ankanena zoona. Koma nthawi yomweyo kamwana kena kanadutsa kakukoka nsapato ya make, kakuseka, iye n'kuyamba kukapangira nkhope yoseketsa asanazindikire. Atazindikira anasiya, n'kutembenukira kukhoma. Ndinaona mapewa ake akugwedezeka.

*

Wamafiriji anawauza yekha amayi ake. Amayiwo anandiimbira foni mawa lake, osakwiya, ndipo bola akanakwiya. Anati zaka zonsezi ankaganiza kuti khanda lawo linafa ndi tsoka, lero akumva kuti analipatsa okha, iwo ndi malemu amuna awo. Analira. Kenako anandifunsa, mwaulemu, ngati n'zoona kuti mwana wawo atakwatira mkazi wopanda matendawa, zoopsa zija sizingachitike kawirikawiri. Ndinati n'zoona. Ndinamva mpweya wawo pafoni.

"Ndinakukondani, mwana wanga," anatero. "Shelefu ija sindiikapo kanthu. Koma inu simunagwirepo khanda likulephera kupuma. Ine ndinagwira."

Sanandiuze kuti ndimusiye. Sipanafunike kutero.

Nkhani siibisika pamsewu umene pali saluni. Uthenga wa nambala ija unabweranso. Ulendo uno unalibe chipongwe, ndipo ndi chimene chinandipweteka kwambiri. Unati, chemwali, ndamva, pepani, koma ngati mumamukondadi mukudziwa chochita. Ndinafuna kuponya foni kukhoma. Mtsikana amene ndinkadana naye kuposa munthu aliyense ankanena zimene ine ndinali nditaganiza kale.

Akulu anga anati ndisapupulume, amuna ena amakhala opanda ana n'kumasangalala. Ndinawafunsa ngati anamuonapo Wamafiriji akudutsa mwana osaima.

Ndinamuitana madzulo, dzuwa lisanalowe, tinakhala m'khitchini momwe tinakumanira. Ndinamuuza kuti ukwati kulibe. Anakana, anachonderera, anati ndikumuweruza ndi mlandu wa magazi amene sanasankhe. Ndinati nanenso sindinasankhe anga. Anati ana si kanthu. Ndinamuuza kuti lero si kanthu, koma tsiku lina adzandiyang'ana ndikubaya ntchafu, nyumba ili zii ngati imene anakuliramo, ndipo sadzanena kanthu chifukwa ndi munthu wabwino, ndipo kusanena kwakeko ine kudzandipha.

"Bwana, musandilamule zimenezi," anatero. "Zina zonse ndamvera."

"Izi ndiye zomaliza," ndinatero. "Pita."

Ndinamubwezera dzino lija m'kansalu kake. Anaima pakhomo nthawi yaitali, kenako anapita. Nditatseka chitseko ndinatsamira ndodo zanga zakale, n'kulira mpaka akulu anga kubwera kudzandikhazika pansi. Ndinatseka nambala yake kuti ndisaonenso za ntchafu yakumanzere. Ndinkadziuza chinthu chimodzi chokha chondilimbitsa mtima, kuti ndataya mwamuna koma palibe mwana amene adzavutike chifukwa cha ife, ndipo miyendo yanga ndikadali nayo.

*

Tsiku lotenga mankhwala linafika ndili wofooka, chakudya chisakulowa, ndikumati ndi chisoni. M'firiji munatsala kabotolo kamodzi ka mankhwala. Ndinanyamula kachikwama kanga, ndinakwera masitepe a chipatala ndekha, popanda wondigwira dzanja.

Anamwino anandilandira monga mwa masiku onse. Anati ndaonda, kodi mmisiri uja sakundidyetsa. Ndinati mmisiri anamaliza ntchito yake. Sanamve bwino, anali kale kalikiliki kufunafuna kabotolo ka mkodzo. Anandipatsa n'kunena nthabwala yawo ija ya kamwanapiye, n'kuseka okha. Ndinapita, ndinabwera, ndinakhala pampando, n'kutsegula kachikwama kuti angoikamo bokosi ndizipita.

Anatembenukira kusinki, ataika kopimira mimba patebulo, akung'ung'udza nyimbo. Kenako nyimbo inasiya. Anatenga kena n'kuyezanso. Ine ndinkayang'ana firiji yaikulu ija, bokosi langa likuonekera pagalasi, pashelefu yachiwiri. Anamwino sanapite kufiriji. Anabwera n'kukhala pampando wa pafupi nane, chinthu chimene sanachitepo, n'kutseka zipi ya kachikwama kanga kopanda kanthu.

"Dzira," anatero, "lero sindikupatsa mankhwala. Dikira adokotala. Kodi bambo wake wa mwanayu tingamuimbire?"